Kupezera Ana Chingerezi Choti Amvetsere

Nkhani yathu ya lero ikupita makamaka kwa inu a m'boma la Chama, kuyambira pa boma penipeni mpaka kwa Kambombo, kwa Tembwe, kwa Chikwa ndi kwa Chifunda, ngakhale kuti zimene tikambe zingathandizenso anzathu a m'madera ena. Tifuna kukambirana za funso limene aphunzitsi ambiri amadandaula nalo. Kodi Chingerezi choti ana azimvetsera ndi makutu tingachipeze kuti? Ndipo tikachipeza, tingadziwe bwanji kuti ichi n'choyenera ana a Giredi 1, icho n'choyenera ana a Giredi 6?

Tiyambe ndi mwana mwini wakeyo. Tiyerekeze mtsikana wa kwa Tembwe, wa zaka 7, amene wangolembetsa kumene sukulu. Kunyumba, kumunda wa mpunga, kudambo ndi pa masewera amalankhula Chisenga. Akafika kusukulu akumana ndi Chinyanja, pakuti Chisenga sichiri m'gulu la zilankhulo 7 zimene boma linasankha kuti zizigwira ntchito m'sukulu ndi pa wailesi. Tsono Chingerezi kwa iye ndi chilankhulo chachitatu. Mnzake wa ku Lusaka amachimva Chingerezi pa wailesi yakanema, m'masitolo, m'basi ndi kutchalitchi, mwina asanayambe n'komwe sukulu. Koma mtsikana wathuyu angathe kutha mwezi wathunthu osamva Chingerezi cha munthu wina aliyense kupatula cha mphunzitsi wake.

Nkhaniyi yakula msinkhu masiku ano chifukwa cha kusintha kwa malamulo a maphunziro. Dziko lathu litangolandira ufulu, lamulo la maphunziro la 1966 linati ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Giredi 1. M'chaka cha 2014 zinasintha, ana anayamba kuphunzira m'zilankhulo zathu mpaka Giredi 4, ndipo Chingerezi chinkatenga malo pa Giredi 5. Ndondomeko yatsopano ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, yabwezeranso Chingerezi m'makalasi oyambirira. Sitikamba lero ngati kusinthaku kuli kwabwino kapena ai. Chimene tinene n'chakuti mwana amene makutu ake sanazolowere Chingerezi salephera phunziro la Chingerezi lokha. Amalepheranso masamu, sayansi ndi zina zonse, pakuti zonsezo zimalowera pa khomo limodzi la khutu.

Pali aphunzitsi ena amene amati, "Mwana akadziwa kuwerenga, kumva adzakudziwa yekha." Ine sindivomerezana nawo, ngakhale ndikumvetsa chimene amanenera chotero: mayeso a kumapeto kwa pulaimale ndi a papepala, ndipo palibe amene amabwera kudzayesa makutu a ana. Koma kumva ndi luso lapadera, ndipo pali zifukwa zake zimene ziri m'kati mwa zilankhulo zenizenizo.

Chinyanja ndi Chisenga ziri ndi mavawelo 5, ndiwo a, e, i, o ndi u, ndipo monga alembedwa ndi momwenso amatchulidwira. Chingerezi chimalemba ndi zilembo zomwezi, koma pakamwa pa Mngerezi pamatuluka mavawelo osiyanasiyana pafupifupi 20. Chotero mau akuti ship ndi sheep, chombo ndi nkhosa, kwa mwana wathu amamveka ngati amodzi. Chimodzimodzinso hat, hut, heart ndi hurt, ndiko kuti chipewa, kanyumba, mtima ndi kupweteka: khutu losaphunzira limangomva hati, hati, hati, hati. Kwa ife l ndi r sasintha tanthauzo, mungathe kunena Chingerezi kapena Chingelezi ndipo palibe adzakufunsani kanthu. Koma play ndi kusewera pamene pray ndi kupemphera, glass ndi tambula pamene grass ndi udzu. Ndiponso mau athu onse amatha ndi vawelo, n'chifukwa chake school tinamusandutsa sukulu, book buku, spoon supuni. Mwana amene wazolowera kumva malire a mau pa vawelo amasokonezeka akamva munthu akulumikiza mau ambiri mu mpweya umodzi. Ndipo inu ana, taganizani za thirteen ndi thirty. Ngati mukugulitsa mpunga kwa mlendo wochokera kutali ndipo simusiyanitsa K13 ndi K30, ndani adzalira?

Zinthu izi bolodi ndi choko sizingaphunzitse. Khutu liyenera kuzimva kambirimbiri, kuchokera pakamwa pa anthu osiyanasiyana. Komabe apa ndi pamene ambiri timalakwira. Mphunzitsi wachangu amabwera ndi wailesi m'kalasi ya Giredi 2, natsegula nkhani za m'Chingerezi, nati, "Mvetserani kuti muphunzire." Ana amakhala chete mphindi imodzi chifukwa cha ulemu, kenaka ayamba kutsinana. Chingerezi chimene chinatuluka m'wailesimo chinali chabwino ndithu, koma kwa anawo chinali ngati phokoso la mvula pa malata. Mai sapatsa khanda nsima ndi nyama youma chifukwa chakuti ndi chakudya chabwino. Amayamba ndi phala lamadzimadzi, nalilimbitsa pang'onopang'ono monga mwana akukula. Chingerezi choyenera ndi chimene mwana akuchimva kale mbali yaikulu, chotsala pang'ono chabe choti aphunzirepo chatsopano.

Nanga tingachiyese bwanji? Anthu amene afufuza za kuphunzira zilankhulo anapeza kuti womvetsera amatsata bwino nkhani ngati akudziwa kale mau pafupifupi 95 mwa mau 100 aliwonse. Ndiko kuti mau achilendo asapose amodzi pa mau 20. Inu aphunzitsi mungathe kuyesa zimenezi ndi dzanja lanu. Musanapite nacho kukalasi chinthu chirichonse, chimvetsereni nokha kaye kunyumba kwa mphindi imodzi, mukuganizira mwana wapakatikati wa m'kalasi mwanu, osati wanzeru kopambana uja. Mukamva mau amene mwanayo sawadziwa, pindani chala. Maina a anthu ndi a malo musawawerengere. Munthu wolankhula mosafulumira amatchula mau pafupifupi 100 pa mphindi, tsono ngati zala zonse za dzanja limodzi zapindika mphindi isanathe, chinthucho chisungeni, chidzathandiza kalasi ya patsogolo. Ngati palibe chala chimene chapindika, chiri bwino pa kusangalatsa ana ndi kuwalimbitsa mtima, ndipo zimenezonso ziri ndi ntchito yake.

Mau achilendo sindiwo okha amene amalemetsa chinthu. Liwiro la wolankhula nalo liwerengeredwe, ndiponso kutalika kwake. Kwa ana a Giredi 1 ndi 2 theka la mphindi ndi lokwanira, kwa a Giredi 3 ndi 4 mphindi imodzi kapena ziwiri, kwa akuluakulu mphindi zitatu mpaka zisanu. Chinanso chimene timachiiwala kawirikawiri ndi ichi: kodi nkhaniyo ikunena za dziko limene mwana akulidziwa? Nkhani ya chipale chofewa ndi sitima za pansi pa nthaka ingakhale ndi mau apafupi, koma mwana wa m'chigwa cha Luangwa alibe chithunzi m'mutu choti awapachikepo. Nkhani ya mvuu imene inagubuduza bwato adzaitsata ngakhale itakhala ndi mau ovuta awiri atatu, pakuti theka la nkhaniyo akulidziwa kale.

Tsopano tifike pa funso lakuti tingazipeze kuti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kwa ana oyamba kumene, chida choposa zonse chiri nanu kale, ndicho pakamwa panu. Palibe wailesi imene imaona nkhope za ana ndi kudziwa kuti apa ndibwereze, apa ndichepetse liwiro. Inu mumatero. Yambani ndi mau olamula amene mwana amayankha ndi thupi, osati ndi pakamwa: stand up, touch your ear, show me the door, put the stone under the desk. Muzichita nawo poyamba, kenaka muleke kuchita, muzingonena. Pamenepo mudzaona msanga amene akumva ndi amene akungoonera anzake. Musawakakamize kulankhula masiku oyamba. Khanda limamva miyezi yambiri lisanatchule liu limodzi, ndipo palibe amalitcha lopusa. Nyimbo zazifupi ndi masewera oombera m'manja nazonso n'zabwino pa msinkhu umenewu, pakuti zimaphunzitsa khutu pamene Chingerezi chimatsindika ndi pamene chimadutsa mopepuka.

Kuopsa kwa liu la mphunzitsi mmodzi n'kwakuti ana amazolowera iye yekha. Mudzapeza kalasi imene imamva zonse zimene aphunzitsi awo anena, koma akabwera woyendera sukulu nawafunsa kafunso kapafupi, onse angoti kakasi. Mankhwala ake ndi apafupi. Sinthanani makalasi ndi mphunzitsi mnzanu kwa mphindi khumi kamodzi pa sabata. Ngati muli ndi foni yotha kujambula mau, pemphani a hedimasitala, anamwino a pa chipatala chaching'ono, alangizi a zamalimidwe kapena msilikali wa zanyama kuti aliyense akuwerengereni ziganizo zisanu zimene mwalemba inu nomwe. Pakutha kwa temu mudzakhala ndi mau a amuna ndi a akazi, a achinyamata ndi a achikulire, onse akunena Chingerezi chimene ana anu angathe kuchinyamula. Ana amakondwa kwambiri akazindikira liu la munthu amene amamudziwa.

Dziko lathu linayesapo kale kuthandiza ana oyamba kudzera pa wailesi, ndipo aphunzitsi achikulire akukumbukira. M'chaka cha 2000 nthambi ya Unduna wa Maphunziro yotchedwa Educational Broadcasting Services inayamba kuulutsa maphunziro a Learning at Taonga Market, makamaka chifukwa cha ana amasiye ndi ena amene sanali pa sukulu. Phunziro lirilonse linali la theka la ola. Mphunzitsi wa m'wailesi ankafunsa funso nakhala chete kanthawi kuti ana ayankhe, ndipo munthu wodzipereka wa m'mudzi ndiye ankawatsogolera, kuwaimiritsa, kuwaimbitsa ndi kulemba pa bolodi. M'malo ambiri ankagwiritsa ntchito mawailesi opukusa ndi dzanja kapena oika padzuwa, osafuna mabatire. Njira imeneyi inayambira ku Nicaragua mu 1974 pophunzitsa masamu, ku Kenya anaiyesa pa Chingerezi m'zaka za m'ma 1980, ndipo anzathu a ku Malawi anali ndi yawo yotchedwa Tikwere. Ubwino wa maphunziro a Taonga pa nkhani yathu ya lero ndi wakuti anakonzedwa giredi ndi giredi, ndi mau a anthu a m'Zambia muno. Chotero mukapita pa boma, funsani ku ofesi ya DEBS kapena ku District Resource Centre ngati pali amene anasunga maphunziro amenewa. Mukawapeza, ayeseni ndi zala monga tanenera, pakuti silabasi yasintha kuchokera nthawi imene anajambulidwa.

Ana a pakati, a Giredi 3 ndi 4, ndiwo amasowa kwambiri zowayenera. Malamulo a imirira, khala pansi awakulira, koma nkhani za pa wailesi zikali kutali nawo. Chimene chimawagwira mtima ndi nthano. Mungatenge nthano imene akuidziwa kale m'Chisenga kapena m'Chinyanja, ya Kalulu kapena ya Fulu, n'kuikamba m'Chingerezi chapafupi. Popeza akudziwa kumene nthano ikupita, maganizo awo onse amakhala pa mau. Kwa amene mungafike pa intaneti, bungwe la Saide la ku South Africa linakhazikitsa African Storybook, nkhokwe ya timabuku ta nthano za ku Africa, taulere, togawidwa m'masitepe 5 kuyambira ta mau ochepa kufikira ta ndime zazitali. Ndi timabuku towerenga, inde, koma mphunzitsi akatiwerenga mokweza, kapena akadzijambula pa foni, tasanduka zomvetsera, ndipo ntchito yosankha msinkhu yachitika kale. British Council nayonso iri ndi tsamba la ana lotchedwa LearnEnglish Kids, la nyimbo ndi nthano zojambulidwa kale. Zina mwa izo zimanena za moyo wa ku Ulaya, choncho sankhani mosamala.

Pamene tifika pa ana akuluakulu, a Giredi 5 kupita m'tsogolo, wailesi yeniyeni ingayambe kulowa m'kalasi. Si chachilendo ai kuti wailesi ikhale mphunzitsi wa kumudzi. Kale mu 1949, pamene wailesi ya ku Lusaka inkaulutsira maiko a pakati pa Africa, Harry Franklin anakopa kampani ya Ever Ready kuti ipange kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kamene kanatchuka ndi dzina lakuti Saucepan Special, ndipo kanafika m'midzi yambiri. Lero Radio 2 ya ZNBC imaulutsa m'Chingerezi, pamene Radio 1 imaulutsa m'zilankhulo zathu. Pamenepa pali mwai umene ambiri sauona. Nkhani zikuluzikulu za tsikulo zimamveka m'zilankhulo zonse ziwiri. Mwana akamva nkhani m'Chinyanja poyamba, kenaka n'kuimvanso m'Chingerezi, amakhala ngati munthu woyenda usiku m'njira imene anaiona kale masana. Kumene kumamveka mawailesi a m'madera, monga Radio Chikaya ya ku Lundazi, kapena a ku Malawi kwa inu a kufupi ndi malire, mungachitenso chimodzimodzi. Musatenge nkhani zonse. Jambulani kankhani kamodzi ka mphindi imodzi, ka zanyengo, ka mitengo ya mbeu kapena ka mpira, ndipo kameneko kakwanira phunziro lonse.

Kunja kwa dziko lino kuli nyumba ziwiri za wailesi zimene zinaganizira ophunzira Chingerezi kuyambira kale. BBC ya ku London inayamba kuphunzitsa Chingerezi pa wailesi mu 1943, ndipo pakati pa mapologalamu ake a pa intaneti pali ina yotchedwa 6 Minute English, m'mene anthu awiri amacheza mphindi 6 pa mutu umodzi, zonena zawo zitalembedwanso kuti munthu aziwerenga. Kunena zoona, imeneyi ndi yolemera kwa ana ambiri a pulaimale. Ndikuitchula chifukwa cha inu aphunzitsi, pakuti khutu la mphunzitsi nalonso limachita dzimbiri akakhala zaka zambiri kumalo kumene samva Chingerezi cha wina. Voice of America inayamba pa 19 Okutobala 1959 kuwerenga nkhani m'Chingerezi chimene anachitcha Special English. Anasankha mau pafupifupi 1,500 okha, analemba ziganizo zazifupi za ganizo limodzi limodzi, ndipo owerenga ankayenda pa magawo awiri mwa atatu a liwiro la masiku onse. Mu 2014 anasintha dzina kukhala Learning English. M'mwezi wa Marichi 2025 boma la America linaimitsa ntchito zambiri za wailesiyi, choncho amene munasunga mapologalamu ake akale musawafute.

Koma chimene ndifuna mutengepo pa Special English si mapologalamu ake, ndi nzeru yake. Zimene anachita anthu a ku Washington mungazichite inunso pa tebulo lanu madzulo, ndi pensulo ndi nyali. Tengani chinthu chimene chachitika m'mudzi, tinene kuti njovu zalowa m'munda usiku, monga zimachitikira kawirikawiri m'chigwa muno. Kwa ana a Giredi 1 munganene chabe kuti: The elephant is big. The elephant is in the field. Mukunena mukuloza chithunzi. Kwa a Giredi 4 muonjezere nthawi ndi chiwerengero: Last night three elephants came to our field. They ate the maize. Father beat a drum and they went away. Kwa a Giredi 6 mulembe ngati mtolankhani, muikemo chifukwa chimene njovu zimabwerera nthawi ya masika, zimene anachita anthu, ndi zimene ananena a zanyama. Nkhani ndi imodzi, koma mwaiphika katatu, phala, nsima yofewa ndi nsima yolimba. Palibe sitolo ya ku Lusaka kapena ya ku London imene ingakugulitseni chinthu choyenera ana anu kuposa chimenechi.

Wina afunsa kuti, "Kodi ana azimva Chingerezi cha Azungu kapena cha kwathu kuno?" Maganizo anga ndi akuti ayambe ndi cha kwathu. Chingerezi chimene adzakumana nacho kusekondale, kuchipatala, ku ofesi ya boma ndi pa wailesi ndi cha anthu a m'Zambia, ndipo palibe chochititsa manyazi pa icho. Akafika Giredi 5 kapena 6 ayambe kulawa cha ku Britain, cha ku America, cha ku Nigeria ndi cha ku India, kuti adziwe kuti chilankhulo chimenechi chimavala malaya osiyanasiyana. Chokha chimene mphunzitsi asalekerere ndi kusiyanitsa kuja kumene kumasintha tanthauzo, monga play ndi pray. Pamenepo mau ojambulidwa amatithandiza, pakuti ambiri a ife aphunzitsi tinakula ndi vuto lomwelo.

M'sukulu zambiri za kumidzi mphunzitsi mmodzi amasunga magiredi awiri m'chipinda chimodzi, ndipo ngakhale m'giredi imodzi ana salingana. Simungapeze zomvetsera zitatu pa phunziro lirilonse. Pamenepo sinthani funso, osati chomvetsera. Tinene kuti mwajambula kankhani ka zanyengo. Ana a m'mbuyo muwauze kuti akweze dzanja nthawi iriyonse akamva mau akuti rain. Apakati alembe maina a zigawo zimene zatchulidwa. Otsogola anene kuti mvula igwa kuti ndipo alimi achite chiyani. Onse amva chinthu chimodzi, aliyense wasenza katundu wa msinkhu wake.

Kaya chomvetsera chichokere kuti, kachitidwe kake m'kalasi kasasinthe kwambiri. Musanatsegule, auzeni ana kuti amva za chiyani, ngakhale m'Chinyanja kapena m'Chisenga, ndipo lembani pa bolodi mau achilendo aja munapindira zala. Apatseni funso limodzi lapafupi, kenaka amvetsere koyamba osaimitsa. Kachiwiri apatseni mafunso ofuna kutchera khutu, monga angati, liti, ndani. Kachitatu ndi pamene angaone mau olembedwa, kuti diso litsimikize zimene khutu lamva. Mukawapatsa pepala poyamba pomwe, adzawerenga osamvetsera, ndipo phunzirolo lasanduka la kuwerenga. Musamasulire chiganizo chirichonse. Mwana akadziwa kuti kumasulira kukubwera, amatseka makutu n'kumadikira.

Za zipangizo ndinene mwachidule. Sukulu zambiri ziribe magetsi, netiweki imavuta, ndipo mabando ndi odula. Chotero musadalire kutsegula intaneti m'kalasi. Mphunzitsi amene akupita pa boma kapena ku Lundazi kukatenga malipiro akopere zimene zikufunika pa memori khadi, ndipo pa msonkhano wa zoni mugawane pa Bluetooth, popanda kulipira kanthu. Chitani zimenezi mvula isanayambe, pakuti mukudziwa nokha m'mene mitsinje imadulira njira kuyambira Disembala mpaka Marichi. Liu la foni silifika kumbuyo kwa kalasi ya ana 70, koma mawailesi ang'onoang'ono olowa memori khadi, otchajidwa ndi sola, amapezeka m'misika ndipo amakwanira. Pa khadipo ikani zinthu m'magulu, gulu lirilonse ndi giredi yake, ndipo m'kabuku lembani dzina la chinthu, kutalika kwake ndi mau achilendo amene alimo. Mukasamutsidwa, kabuku ndi khadi zitsale pa sukulu, kuti wobwera pambuyo panu asayambirenso pachiyambi.

Tsopano ndilankhule ndi inu ana. Mukamva Chingerezi pa wailesi ya atate kapena ya amalume, musathawe chifukwa chakuti simukumva zonse. Ngakhale aphunzitsi anu samva liu lirilonse. Khalani pansi mphindi zochepa, mugwire mau atatu amene mwawazindikira, ndipo m'mawa mukawauze aphunzitsi. Anyamata ndi atsikana okonda mpira, mvetserani pamene Chipolopolo kapena Copper Queens akusewera. Woulutsa amathamanga zedi, koma mau ake amabwerezabwereza, ndipo masewerawo mumawadziwa. Mukamva mau amene akukuvutani, atchuleni monga mwawamvera, musaope kusekedwa, aphunzitsi adzakuthandizani kuwapeza. Ndipo inu a Giredi 6, mukafika kunyumba kambirani mng'ono wanu kanthano kamene mwamva kusukulu, m'Chingerezi chapafupi, mukuchita ndi manja.

Aphunzitsi, ntchito yanu ya sabata ino ndi iyi. Sankhani chinthu chimodzi chimene chachitika m'mudzi mwanu, mulembe ziganizo zisanu zoyenera kalasi yanu, mupemphe munthu wina osati inu kuti aziwerenge mukujambula, kapena abwere adzawerenge yekha pamaso pa ana ngati foni palibe. Muyese ndi zala musanapite nazo m'kalasi. Ana akamvetsera katatu, muwerenge kuti ndi angati amene ayankha funso loyamba lija, mulembe chiwerengerocho m'kabuku pamodzi ndi tsiku lake, ndipo mupite nako kabukuko ku msonkhano wa zoni kuti mukayerekeze ndi anzanu.

Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ana.